Nyemba Zopanda Mchere

Lolemba, 6 Okotobala 2003

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachinayi, pafupi ndi zenera. Kope ili ndi lija ndimalembamo nyimbo za Mvano, ndangolitembenuza n'kuyambira kumbuyo. Ndizilemba zonse zimene akundichita muno, kuti Dyna, mwana wanga amene ali kwa achemwali ku Dedza, adzadziwe kuti amake, ine Esnat, sindinangogona ku Joni ngati chipika.

Ndinagwa Lachisanu ndikusita zovala za madamu. Mtima unangoti phaphapha, kenako mdima. Miyezi itatu ndakhala ndikubanika pokwera masitepe, mapazi kutupa madzulo, koma wantchito wa m'nyumba amadwala liti? Kukiliniki kwathu ku Atteridgeville anandijambula pachifuwa. Nesi atayang'ana chithunzicho anaitana mnzake, mnzakeyo n'kuitananso wina. Akayamba kukuitanira anzawo, dziwa kuti zavuta.

Amuna anga, a Grain, bambo a Dyna, andiperekeza pa tekisi. Abwerera 3 koloko. Bwana wawo wa kugadeni anawapatsa theka la tsiku lokha.

Lachiwiri, 7 Okotobala

Kutidzutsa 5 koloko. BP 128/84. Mtima ukugunda 132, mosatsatana bwino. Magazi atenga timabotolo titatu. Piritsi limodzi lochepetsa liwiro la mtima, lina lokodzetsa. Jakisoni pamimba, woti magazi asaundane.

Koma chakudya cha muno, abale! Phala lozizira mkamwa, nyama ngati yachapidwa. Mnzanga wa bedi lachitatu, Mma Margret wa ku Winterveld, wodwala mphumu, pathireyi pake pamabwera kapepala ka mchere. Panga ayi, pamangobwera kachizindikiro kofiira. Ndaona ine. Ndife makwerekwere, obwera kuchokera maiko ena, ngakhale mchere wa boma sutiyenera.

Amuna ake a Mma Margret abwera ndi malalanje. Kusenda okha, kuchotsa ulusi wonse, n'kumamuika mkamwa kamodzikamodzi. Nkhalamba ya mano atatu! Ine ndatembenukira kukhoma. Nsanje ndili nayo, sindibisa. Malemu amayi ankati ndinabadwa nayo.

Bambo a Dyna sanabwere.

Lachitatu, 8 Okotobala

Andipaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumayendetsapo kachitsulo, mtima wanga ukuoneka pa TV. Wojambulayo anasiya kutafuna chingamu.

Lachinayi, 9 Okotobala

M'mawa andimezetsa paipi yokhala ndi kamera. Pakhosi pakuwawa mpaka pano.

Masana abwera adokotala aakulu, bambo wa ndevu zoyera, ndi ana asukulu asanu ndi atatu. Ajambula mtima papepala. Akuti uli ndi zipinda zinayi, ndipo pachipinda cha kumtunda chakumanzere pamalendewera kathumba kooneka ngati khutu. Iwo omwe amakatcha khutu. Aliyense ali nako, kukula kwake ngati chala chamanthu. Kanga kafufuma, masentimita 8, ngati peyala. Dzina la nthendayo andilembera: aneurysm. Magazi amalowa m'thumbamo n'kumangozungulira, kenako amaundana. Chibuma chikathothoka n'kupita kumutu, ndiye sitiroko, kapena imfa. Akufuna ang'ambe pachifuwa, adule khutulo, asoke. Opaleshoni Lachiwiri pa 21, ngati ndisaina.

Ayankhula zina zambiri, Chingerezi chothamanga ngati cha pawailesi. Ine "yes doctor, yes doctor," monga ndimachitira kwa madamu. Zaka zisanu ndi ziwiri ku Joni zandiphunzitsa kuti ukati yes nkhani imatha msanga. Ndamva theka.

Bambo a Dyna afika adokotala akutuluka. Anatengana pakhonde, ndipo pobwera maso anali ofiira, m'thumba la malaya muli pepala lopinda. Ndawafunsa, akuti, "Zomwe akuuzanizo." Mantha ndili nawo.

Lachisanu, 10 Okotobala

BP 122/80. Mtima 104. Mapazi aphwako.

Abwera ndi chakudya, mpunga ndi nyemba. Ndinayamba kusekerera, kenako ndinaona bakuli. Labuluu, la maluwa oyera pachivindikiro. Bakuli limeneli ndimalidziwa ngati dzanja langa. Ndi la Rukiya.

Rukiya ndi wa chipinda choyandikana ndi chathu, kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Kwawo ku Mangochi, amagulitsa makatani kumsika wa Marabastad, ukwati unatha. Mano oyera, khosi lalitali, akaseka zimamveka mpaka pa kagolosale ka spaza. Chotilekanitsa ndi khoma la bolodi.

Ndinati, "Waphika ndani?"

Akuti, "Ndine."

"Inu? Zaka khumi ndi zinayi simunawiritsepo ngakhale madzi a tiyi!"

"Munthu amaphunzira, amake Dyna. Bakuli ndangobwereka, lathu lija chivindikiro chinasweka."

Chala chawo chakumanja n'chokulunga ndi pulasitala. Akuti ndi minga ya maluwa a bwana.

Nyemba zolimba, zopserera pansi, zopanda mchere. Ha! Ndiye kuti khosi lalitalilo kuphika silitha.

Loweruka, 11 Okotobala

Bakuli lomwelo. Mbatatesi ndi nkhuku. Mchere mulibe.

Kamodzi ndi kuiwala. Kawiri?

Ndinaika supuni pansi. Ndine mayi wa Mvano, zinthu izi ndimati ndinazisiya kumudzi, koma zimene anankungwi anakuuza uli namwali sizituluka m'mutu. Kwathu munthu amene wagona malo osayenera ndi wotentha, ndipo sathira mchere m'ndiwo za ena. Akathira amawadula. Ndiwo mdulo umenewo: chifuwa kuwawa, miyendo kutupa, munthu kumangotha. Mwamuna woyendayenda amadulanso mkazi wake wa m'nyumba. Tsono mkazi wamkulu ngati Rukiya kuphikira wodwala osathira mchere, akuopa chiyani? Akudziwa chimene wachita.

Nanga ine ndadwala chiyani? Chifuwa. Mapazi kutupa. Miyezi itatu. Rukiya anasamukira m'chipindacho mwezi wa Juni.

Ndawauza kuti ndakhuta. Nkhuku ndapatsa Mma Margret, wathira mchere wake n'kudya yonse.

Lamulungu, 12 Okotobala

Abwera amayi a kutchalitchi, atsogolera Jenifer, mlembi wathu wa Mvano. Nyimbo ziwiri, pemphero lalitali. Ena atatuluka, Jenifer anatsalira ngati akukonza bulangeti.

"Bambo a Dyna akulimba mtima, eti? Dzulo ndawaona atakhala pakhomo pa Msilamu uja, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Eish, sindikunena kanthu ine."

Sakunena kanthu! Ine kuno ndikumeza mapaipi, iwo akugwira m'mimba. Ndi ine anaseka liti mpaka kugwira m'mimba?

Mtima 126. Sisita wafunsa chimene chachitika. Ndati nyimbo.

Lolemba, 13 Okotobala

Andilowetsa m'chimakina chozungulira, atandibaya mankhwala otenthetsa thupi. M'thumba muja apezamo chibuma cha magazi. Jakisoni wa pamimba tsopano kawiri pa tsiku.

Ndinalimba mtima n'kufunsa adokotala ngati nthenda imeneyi munthu wina angakupatse. Anapukusa mutu, akuti ndinabadwa nayo, yakhala ikukula pang'onopang'ono. Ndinati yes doctor. Koma iwo za mdulo akudziwapo chiyani? Kusukulu kwawo anawaphunzitsa?

Abweretsa fomu yoti ndisaine. Ndakana. Andidula kale kunyumba, awa akufuna andidulenso ndi mpeni? Mdulo suchoka ndi mpeni. Umachoka wolakwayo akaulula.

Lachiwiri, 14 Okotobala

Jakaranda pazenera yachita maluwa. Ndikuganiza za bedi langa, nsalu yanga ya pawindo, mapoto anga. Kaya wapachikamo kale makatani ake.

Bakuli labwera, labwerera losatsegula. Bambo a Dyna anangoti, "Idyani pang'ono, chonde." Aonda. Zoonda nazo zilipo zambiri.

Lachitatu, 15 Okotobala

Ndilemba zonse.

Masana ndinapempha kapepala ka mchere kwa Mma Margret n'kukabisa pansi pa pilo. Ndinati lero ndidziwa. Ngati ndi iwo aphikadi, ngati ali oyera, athira. Munthu wosalakwa saopa mchere.

Anafika 5 koloko. Nyemba. Ndinatsegula bakuli n'kuwaikira kapepalako m'dzanja.

"Thirani."

Anayang'ana kapepalako, anayang'ana ine. "Iyayi."

"Ndati thirani, ndi dzanja lanu, ine ndikuona."

"Sindingathire, amake Dyna."

"Chifukwa?"

Anatsitsa mawu. "Chifukwa chake mukuchidziwa. Musandinenetse."

Mayo ine! Munthu kuvomera pamaso panga, osaphethira. Bakuli ndinaliponya, nyemba mbwee mpaka pansi pa bedi la Mma Margret. Ndinakuwa wodi yonse inamva. Ndinati, "Mwandidula inu ndi Rukiya wanuyo! Pitani kwa mkazi wanu wa makatani! Ndikafa musadzagwire bokosi langa, adzanyamule a Mvano!"

Anagwada, anawola nyemba zija ndi manja n'kuzibwezera m'bakuli, anapepesa kwa Sisita, anatola kapepala ka mchere n'kutuluka.

Mtima 148. Andiika diripi.

Lachinayi, 16 Okotobala

Sanabwere. Ndimafuna abwere kuti ndiwathamangitsenso.

Amuna a Mma Margret andisendera lalanje. Ndalandira, koma landiwawa.

Lachisanu, 17 Okotobala

M'mawa kapu inagwa yokha. Dzanja lamanja linafa, pakamwa kupindika, mawu osatuluka. Mphindi khumi, kenako zinabwerera. Adokotala akuti kachibuma kakang'ono kanathothoka, ili ndi chenjezo, lachiwiri silichenjeza. Fomu aisiya pa kabati.

Ndinkafuna kuitana dzina limodzi lokha, lilime linakana.

Sanabwere.

Loweruka, 18 Okotobala

Wabwera mwini bakuli. Loweruka, tsiku limene Marabastad imadzaza, iye watseka malonda. Analowa ndi mpango wake wobiriwira, osapereka moni, n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Amake Dyna, akuti ndakudulani?"

Ndinati, "Ulibe manyazi iwe? Wabwera kudzaona ngati ndatsirizika?"

"Kwathu timati ndaka, ndikuidziwa bwino. Koma taonani ichi."

Anatulutsa pepala lopinda, m'makona muli zomatira. Ndinalizindikira, lija linali m'thumba la malaya. Pamwamba dzina langa ndi chidindo cha chipatala. Pansi chithunzi cha botolo la mchere, chothethedwa ndi mzere wofiira.

"Ili amuna anu analimata pakhoma pamwamba pa pulaimasi. Adokotala anawauza kuti mchere umakusungitsani madzi m'thupi, mtima n'kumalemedwa. Akuti anakuuzani inunso, munati yes."

Ndinati bodza. Rukiya anaitana Sisita, iye Chingerezi ndi Chisutu amazitafuna ngati chingamu. Sisita analoza kachizindikiro kofiira ka pathireyi panga. Akuti kamatanthauza wodwala mtima, osapatsidwa mchere. Masiku khumi ndi awiri ndakhala ndikutukwana boma la eni ake.

Ndinati, "Nanga wophika?"

"Anandipempha ndiphike, ndinakana. Ndinati akazi anu ndimawadziwa, akalawa dzanja langa atiphera limodzi. Ndiye ndimaima pakhomo n'kumawauza, iwo akuphika. Wallahi, sindinaonepo mwamuna wouma mutu pa poto ngati ameneyu! Nyemba akufuna zipse ngati mazira. Chala chija anapsa ndi pulaimasi. Tsiku lina anathira shuga m'nkhuku poyesa kuti ikomako, tinaseka mpaka misozi. Ndiye mukuti ine ndi iwo? Mwamuna wonunkha manyowa ngati uja ndimutani ine?"

Ndinadzuka theka. "Wonunkha manyowa ndani? Amasamba kawiri pa tsiku amene aja!"

Rukiya anaseka kuseka kwake kuja, wodi yonse kutembenuka. Kenako anasiya. Akuti, "Kuyambira tsiku la pepalali, iwonso sakudya mchere. Akuti sangamve kukoma inu musakumva. Koma mawu a bokosi aja awalasa. Sakuphika, sakuyankhula, akangoweruka amadzitsekera. Ndawauza kuti tiyeni, akuti munthu amene amandiyesa mfiti ndikamuuza chiyani."

Ndinafunditsa nkhope. Manyazi, abale, manyazi. "Chifukwa chake mukuchidziwa." Munthu ankaopa kutchula imfa pamaso pa wodwala, ine n'kumva zanga.

Ndasaina fomu 4 koloko. Rukiya wachitira umboni. Ndamupepesa, wati zatha, koma bakuli lake lathetheka pakamwa.

Lamulungu, 19 Okotobala

Ndamutuma Rukiya kuti akawauze ndapepesa, ndiponso kuti Lachiwiri ndikulowa.

Nthawi ya alendo ndinakhala tsonga, tsitsi nditapesa. Nsapato iliyonse pakhonde ndimati ndi iwo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga wanditsata mpaka pabedi.

Lolemba, 20 Okotobala

Magazi, kujambulanso pachifuwa, kusamba ndi sopo wofiira. Wogonetsa anthu wabwera kudzaona mano ndi pakhosi. Jakisoni wa pamimba asiya. Ndikadya madzulo ano basi, osalawanso kanthu.

Akuti mtima auimitsa, makina azindipumira ndi kuyendetsa magazi. Ambiri amadzuka. Sanati onse.

Sanabwere. Ngati sindidzuka, mawu anga otsiriza kwa iwo akhala a bokosi aja. Dyna, ukadzawerenga izi, abambo ako sanalakwe kanthu. Wolakwa ndine.

Lachiwiri, 21 Okotobala, 6 koloko m'mawa

Abwera! Alonda awalowetsa chifukwa cha opaleshoni. Atavala ovolosi ya kugadeni, m'manja bakuli lothetheka lija, muli phala. Sakudziwa kuti sindikuloledwa kudya.

Ndinayamba kuti, "Bambo a Dyna, ine..." Anandidula mawu.

"Zimenezo tidzakamba kunyumba. Gwirani ichi."

Kapepala ka mchere ka Mma Margret, kofota ndi thukuta la m'thumba.

"Musunge. Mukatuluka uko, adokotala akavomera, ndidzathira ndi dzanja langali. Munandinenera pagulu, ndidzathiranso pagulu. Ndiye mudzuke, mwamva? Mukapanda kudzuka mundisiya ndi mlandu."

Ndakaika pakati pa kope lino. Akubwera ndi bedi la matayala.

Lachisanu, 24 Okotobala

Ndilipo. Mapaipi awiri pamimba. Kuwawa.

Lamulungu, 26 Okotobala

Andibweza ku wodi. Mapaipi achotsa. Chilonda kuchokera pansi pa khosi mpaka pachifu, kutsokomola ndi nkhondo, ndimakumbatira pilo. Ndayenda mpaka pakhomo ndi kubwerera.

BP 116/74. Mtima 78, ukugunda motsatana ngati wa munthu. Ndayamba piritsi la warfarin, loletsa magazi kuundana, azindiyeza magazi pafupipafupi.

Lachiwiri, 28 Okotobala

Adokotala andionetsa chithunzi cha chimene anadula, chili m'mbale yachitsulo pambali pa rula. Chonyansa. M'kati munali chibuma ngati nthudza. Akuti khutu lonse lachoka, silidzameranso. Nthawi ino ndawauza kuti ayankhule pang'onopang'ono, ndipo pomwe sindinamve ndati sindinamve. Anadabwa, koma anabwereza.

Ndiye khutu limenelo ndi lomwe linkamva zinthu zimene palibe ananena. Lipite.

Jenifer anabwera ndi nthochi. Ndamuuza kuti adye yekha, ine sindikunena kanthu.

Loweruka, 1 Novembala

Mawa ndikutuluka. M'mawa ndinafunsa za mchere, kawiri, Sisita ali pomwepo. Akuti mapazi aphwa, mtima uli bwino, kutapa kamodzi ndi zala ziwiri ndikhoza, osapitirira.

Bambo a Dyna afika 3 koloko, atavala jekete la kutchalitchi. Rukiya kumbuyo. Ndinatulutsa kapepala kaja m'kope n'kunena chapansipansi kuti, "Zisiyeni, palibe chifukwa. Ndikudziwa."

Akuti, "Ayi. Chifukwa chilipo."

Anaitana Mma Margret ndi amuna ake, anaitana Sisita, ngakhale mayi wokolopa anaima ndi mopu yake. Palibe mwa iwo amene ankadziwa kuti n'chiyani, kupatula ife atatu a ku Malawi. Anatsegula bakuli, anang'amba kapepala, anatapa ndi chala chopsa chija, chipsera chikadali chofiira. Anawaza, anatakasa, anayamba kulawa iwo, n'kutsinzina. Masiku makumi awiri ndi atatu osalawa mchere. Kenako anatapa supuni ina n'kundiika mkamwa, pamaso pa anthu onse, munthu amene sanandigwirepo dzanja pamsewu.

Nyemba zake zomwe zija, zolimba, zopserera pansi. Palibe mkazi pansi pano amene angaphike nyemba zotero, ndipo ndikanakhala ndi nzeru ndikanadziwa tsiku loyamba. Ndinadya zonse, misozi ikugwera m'bakuli, mpaka Sisita anati mchere ukuchuluka.

Potuluka Rukiya anati asadandaule, apitiriza kuwaphunzitsa mpaka nyemba zidzapse.

Ndamuuza kuti zikomo kwambiri, Mulungu amudalitse, koma ndiwaphunzitsa ndekha. Bakuli lake atenge lero lomwe.